Tchuthi chayandikira: mwana apite kwa agogo ake kumudzi kapena ku kampu ya mpingo?

Mayi_wa_ku25:
Mwaswera bwanji makolo anzanga. Pali nkhani yomwe tikusiyana maganizo ndi bambo akunyumba, ndiye ndati ndimveko kwa inu. Mwana wathu woyamba ndi wamwamuna, ali ndi zaka 11, akulowa Sitandade 7 sukulu zikatsegulira mu Seputembala. M'kalasi alibe vuto, koma pakhomo sagwira kanthu. Akadya mbale amazisiya pomwepo, yunifolomu amavulira pansi, ngakhale madzi akumwa amachita kuitana mtsikana amene amatithandiza ntchito. Chomwe chandiswa mtima n'chakuti sabata yatha ndinamumva akuuza mtsikanayo kuti "tola iweyo, si umalipidwa." Mtsikanayotu ndi wamkulu kwa iye kutalitali.

Kutchalitchi kwathu akonza kampu ya ana ya sabata imodzi mu Ogasiti, kumunsi kwa phiri la Mulanje. Ine ndikufuna apite. Bambo ake akuti uko n'kutaya ndalama, mwana apite ku Ntchisi kwa agogo ake tchuthi chonse akaone mmene anthu amakhalira. Ine kumudzi ndikuopa malungo, komanso agogowo amamusasatitsa kuposa ife. Inu amene munayesako, n'chiyani chinathandiza ana anu? Ndikufuna mwana wodziimira payekha, wachifundo, komanso wosangalala, osati wongoopa ife.

AtateAnayi:
Bambo akunyumbawo akunena zoona. Kumudzi basi. Tonsefe tinakula choncho.

Gogo_waKuNkhoma:
Mwana wanga, ine ndine agogo a zidzukulu, ndipo ndikuuzeni chomwe kumudzi kunkachita, kuti muone ngati ku Ntchisiko chidakalipo. Mnyamata akafika msinkhu wa wanuyo sankagonanso m'nyumba ya makolo. Ankapita kugowelo kukagona ndi anzake. Atsikana ankagona kukuka kwa agogo aakazi. Kugowelo palibe amene ankakuyalira mphasa. Ukapanda kukatola nkhuni masana, usiku unkagona ndi chisanu ndipo anzako ankakudzudzula. Ukadwala, anzakowo ndi amene ankathamanga kukaitana akuluakulu.

Ndiye kunalinso masanje. Tikamaliza kukolola, ana ankamanga timisasa ta mapesi kuseri kwa mudzi, n'kumakunkha chimanga ndi mtedza zotsalira m'minda. Atsikana ankasinja n'kuphika nsima yeniyeni m'timiphika, anyamata n'kumapita kokumba mbewa. Nsima ikatuwa kapena ikachita mibulu, ankadya yomweyo, mawa n'kuphika yabwinoko. Palibe wamkulu amene ankaimirira pamwamba pawo kuwauza kuti mthiko ugwire chonchi. Ife tinkangoyang'anira chapatali kuti moto usagwire tchire.

Chomwe chinkaphunzitsa ana sichinali fumbi la kumudzi kapena umphawi ayi. Chinali kukhala ndi anzawo, ndi ntchito yeniyeni m'manja, makolo ali patali pang'ono. Mukatumiza mdzukuluyo kwa agogo amene azikamuphera nkhuku n'kumamutenthetsera madzi osamba, abwerako mmene anapitira.

Mjoni_waKuRandburg:
Agogo mwandikumbutsa kutali. Koma magowelo atsala ochepa. Kwathu ku Mzimba ndikapita mu Disembala ndimapeza anyamata ali pa shedi ya vidiyo tsiku lonse, ena pa bawo ya ndalama. Tisamanamize ana a m'tauni kuti kumudzi kudakali ngati kale.

AtateAnayi:
@Mjoni_waKuRandburg si midzi yonse achimwene. Kwathu ana amapitabe kudimba kukathirira ndiwo m'mawa uliwonse. Wanga wachiwiri anaphunzira kupalasa njinga atanyamula thumba la chimanga kupita kuchigayo, ali ndi zaka 12. Anabwerako akuyenda monyadira.

Mphunzitsi_Dedza:
Amayi a ku 25, ndiloleni ndiyambire pena. Inu mwafunsa za kampu ndi kumudzi, koma ine chomwe chandigwira ndi mawu aja akuti "si umalipidwa." Mwana wa zaka 11 sapeka yekha mawu amenewo. Anawamva penapake, kaya pakhomo panu, kaya kwa aneba, kaya kwa anzake kusukulu. Ndipo ngakhale asanawamve, maso ake amaona. Amaona amene amadya pomaliza, amene amadyera kukhitchini enanu muli pa tebulo, amene amadzuka kukadali mdima, amene amaitanidwa ndi dzina lokha popanda "a" pomwe ndi wamkulu.

Sindikukuweruzani, chifukwa sindikudziwa za pakhomo panu. Ndaphunzitsa ana kwa nthawi yaitali, ndipo chimene ndaona n'chakuti chifundo cha mwana chimaonekera pa mmene amachitira ndi munthu amene sangamubwezere. Kwa aphunzitsi aliyense amagwada. Kwa abusa aliyense amapereka moni wa manja awiri. Koma yang'anani mmene akuyankhulira kwa mlonda wa pageti, kwa mnzake wovala yunifolomu yong'ambika, kwa mwana wa Sitandade 1 amene wamuponda phazi pamzere wa phala.

Sabata imodzi ku Mulanje ingathandize, sindikukana. Koma akabwerako n'kupeza zinthu zili chimodzimodzi, pakatha masiku ochepa abwerera mwakale. Yambani lero lino. Mbale yake atsuke yekha. Sokosi ndi kabudula wamkati achape yekha, pa msinkhu umenewo n'zosayenera kuti mtsikana wa eni azimuchapira. Loweruka akhale ndi chipinda chimodzi chokolopa. Ndipo mtsikanayo mumuuze pamaso pa mwanayo kuti akamutuma zinthu zoti angathe yekha, ali ndi ufulu wokana, inu muli kumbuyo kwake. Mwanayo azimuitana kuti achemwali kapena anti.

Mayi_wa_ku25:
Aphunzitsi, mawu anu ndawamva ndipo andilowa. Mtsikanayo timadya naye limodzi, koma zoti azimuitana achemwali sitinaziikepo mtima. Vuto lina ndi nthawi. Ndimachoka m'mawa kwambiri kuthamangira minibasi, kubwera kutada. Kumudikira mwana kuti atsuke mbale imodzi kwa mphindi khumi pomwe wina angatsuke zonse nthawi yomweyo, mtima umakana.

Mphunzitsi_Dedza:
Mtima umenewo ndi umene uyenera kupirira, amayi. Mbale ikatsala ndi mafuta mubwezereni atsukenso. Musaitenge n'kutsuka nokha iye akuona.

MtsogoleriWaAna_BT:
Ine ndimatsogolera ana a Pathfinder kumpingo kwathu kwa Seventh-day Adventist, ana a zaka 10 mpaka 15, ndiye ndiyankhulepo za kampu popeza ndimagona nawo m'matenti.

Aphunzitsi akunena zoona kuti sabata imodzi siisintha mwana yense. Koma pali chinthu chimodzi chomwe kampu imachita chomwe pakhomo n'chovuta. Pakhomo mwana aliyense ali kale ndi mbiri yake: uyu ndi waulesi, uyu ndi wamanyazi, uyu ndi wanzeru za m'kalasi basi. Iye mwini amaikhulupirira mbiriyo. Ku kampu palibe amene akuidziwa. Timawagawa m'timagulu ta ana asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, aliyense ndi ntchito yake, wina madzi, wina nkhuni, wina moto, wina mapoto. Wamadzi akazengereza, gulu lonse limwa tiyi mochedwa, ndipo amene amuuze si ine, ndi anzake.

Chaka china tinali ndi mnyamata wochokera kubanja lochita bwino. Usiku woyamba analira mwakachetechete m'bulangete, akufuna amayi ake. Sitinawaimbire. Ndinangokhala pakhomo pa tenti n'kumacheza naye za mpira mpaka anagona. M'mawa inali nthawi yake yosonkha moto. Anathera machesi ambiri akuyatsa chikuni chachikulu. Kamnyamata kena kochepa thupi, kochokera ku Ndirande, kanagwada pambali pake n'kumuonetsa kuti uyambe ndi udzu wouma, kenako tizitsotso, ndipo uuzire pansi osati pamwamba. Moto utayaka nkhope yake inali yakuda ndi utsi, maso ali misozi, koma ankaseka. Masiku otsatirawo awiriwo sankasiyana. Mwana amene kwawo amatumikiridwa anaphunzitsidwa ndi mwana amene kwawo amaphika pa mbaula tsiku ndi tsiku, ndipo anayamba kumulemekeza. Zimenezo ine sindikanatha kumuphunzitsa ndi pakamwa.

Ndipo ku Mulanje mwasankha malo abwino. Ana ambiri a ku Lilongwe sanaonepo phiri ngati limenelo. Nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, koma ana sapita kumeneko. Kuchokera ku Likhubula amayenda wapansi kukafika pa mathithi a Dziwe la Nkhalamba, ndipo mwana amene sanayendepo mtunda wotero akafika amadziona kuti ndi munthu. Mumulongedzere juzi yokhuthala ndi bulangete, usiku kumazizira koopsa, makamaka chiperoni chikabwera.

AtateAnayi:
Zonsezo n'zabwino, koma ndalama? Ine ana ndili nawo anayi. Ndikalipira kampu ya mmodzi, enawo ndiwauza chiyani? Mu Seputembala fizi ikudikira, yunifolomu, makope, kenako feteleza. Izi ndi za anthu opeza bwino.

MtsogoleriWaAna_BT:
@AtateAnayi nkhawa yanu ndi yoona bambo. Koma kampu siyenera kukhala kunyanja kapena kuphiri. Ife nthawi zambiri timamanga matenti pabwalo la sukulu yapafupi, mwana aliyense amabwera ndi ufa, nyemba, kabotolo ka mafuta ndi mphasa. Ena timagona m'makalasi. A Scouts ndi a Girl Guides amachitanso chimodzimodzi. Ngakhale kampu yoyamba ya Scouts, imene Baden-Powell anachititsa pa chilumba cha Brownsea ku England mu 1907, inali ya anyamata pafupifupi 20 okha, ochokera m'mabanja olemera ndi osauka omwe. Funsaninso kusukulu kwa ana anu ngati kuli kalabu ya zachilengedwe. Makalabu amenewa, omwe amagwira ntchito ndi a Wildlife and Environmental Society of Malawi, amatengera ana ku malo ngati Liwonde kapena ku Michiru pa mtengo wotsikirapo kusiyana ndi kupita panokha.

Mayi_KuLeeds:
Moni nonse kumudzi. Ine ndikulera ana awiri kuno ku England, ndipo ndikamawerenga izi misozi ikulengeza. Kuno tchuthi chachitali chimayamba kumapeto kwa Julayi mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, pafupifupi masabata asanu ndi limodzi, ndipo palibe agogo, palibe azakhali, palibe mwana wa aneba wogogoda pakhomo kuti tiye tikasewere. Mwana akhoza kutha tchuthi chonse m'chipinda ndi foni. Kampu zogona komweko kwa masabata angapo n'zofala kwambiri ku America. Kuno zambiri ndi zoti mwana apite m'mawa n'kubwera madzulo, ndipo n'zodula.

Wanga wamkulu atakwana zaka 14 analowa pulogalamu ya achinyamata yotchedwa Duke of Edinburgh's Award kusukulu kwawo. Gawo loyamba amayenda masiku awiri ndi anzawo okhaokha, kugona usiku umodzi mu tenti, atanyamula chakudya ndi mapu, aphunzitsi akungowadikira m'malo ena a m'njira. Amafunikanso kugwira ntchito yongodzipereka kwa miyezi itatu. Iye anasankha kukathandiza pa malo ogawira chakudya kwa osowa. Kumeneko ndi kumene anadziwira kuti ngakhale ku Ulaya kuli anthu ogona ndi njala. Anasintha kayankhulidwe.

Ndiye abale anga, zomwe azungu akulipira ndalama zambiri kuti ana awo azipeze, inu muli nazo pakhomo: ana ambiri pabwalo, ntchito zamanja, achibale. Musazitaye.

Kabaza_Area23:
Amayi a ku Leeds, ife tili nazo chifukwa chosowa, osati chifukwa chosankha. Mwana wanga amatunga madzi pa kiyosiki chifukwa pampopi palibe. Ndikanakonda akanakhala ndi nthawi yowerenga.

Mayi_KuLeeds:
@Kabaza_Area23 mwanena zoona achimwene. Ntchito yophunzitsa mwana ndi ina, ntchito yomulanda sukulu ndi tulo ndi inanso.

Mkulu_waKale:
Ana inu simukudziwa. Nthawi ya a Kamuzu kunali Sabata ya Achinyamata chaka chilichonse. Ana asukulu tonse tinkatuluka ndi makasu kukalambula misewu, kukonza milatho, kufolera nyumba za nkhalamba. Kunalinso mabesi a Malawi Young Pioneers, ngati ku Nasawa ku Zomba, kumene achinyamata ankaphunzira ulimi, ukalipentala ndi mwambo. Mnyamata wochokera kumeneko sankasiya mbale pa tebulo. Boma libwezeretse zimenezo.

Nachisale_LL:
Bambo, ndi ulemu wonse, ayi. Apayoniya omwewo ndi amene ankaimitsa amayi athu pakhomo la msika ndi pokwera basi kufuna khadi la chipani. Mayi anga anabwezedwa ndi dengu la tomato pamutu, ine ndili kumbuyo kwawo. Mpaka asilikali anachita kuwalanda zida mu Disembala 1993. Anali ndi mwambo, inde, koma chifundo analibe. Mwana womvera chifukwa cha mantha, tsiku limene apatsidwe mphamvu adzaopseza anzake. Amayi a ku 25 anena kuti akufuna mwana wachifundo.

Mkulu_waKale:
Za makhadizo sindingakane, mwana wanga, ndinaziona. Ine ndimanena zofolera nyumba za nkhalamba. Chimenecho chokha chinali chabwino.

Nachisale_LL:
Pamenepo tagwirizana bambo. Ndipo sizifuna boma. Mpingo kapena mfumu ingathe kusonkhanitsa ana Loweruka limodzi.

Mlangizi_waCCAP:
Popeza tafika pa zakale, tisaiwale kuti mwezi wa Ogasiti womwewo ndi umene ana ambiri amapita kusimba. Makolo athu ankadziwa kuti mwana amafunika kuchoka pamaso pa amayi ake kwa kanthawi kuti akamve mwambo kwa anthu ena. Kumpingo kwathu tili ndi chilangizo, timaphunzitsa ulemu, ukhondo, kudzisunga. Mwana wa zaka 11 akuyandikira kutha msinkhu. Pali zinthu zomwe sangafunse inu amayi ake, koma angafunse mlangizi kapena amalume ake.

Mwana_waKuMangochi:
Zoona amayi, kwathu anyamata amapita kundagala nthawi yomweyi, ndipo masiku ano makolo ambiri amayamba apititsa mwana kuchipatala kukachita mdulidwe, mwambo n'kutsatira pambuyo. Mafumu ambiri analamulanso kuti zinamwali zizichitika pa tchuthi pokha kuti ana asajombe kusukulu. Koma tinene chilungamo, si zonse zophunzitsidwa kusimba zili zoyenera mwana. Ena amatulukako akudziona ngati akuluakulu, sukulu n'kuitaya. Atsikana ena amauzidwa zokasasa fumbi. N'chifukwa chake Inkosi Kachindamoto ku Dedza inalimbana nazo kwambiri mpaka kuthetsa maukwati a ana ambirimbiri n'kuwabwezera kusukulu. Ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Kaya ndi simba, kaya ndi kampu ya mpingo, kholo lifunse kuti mwana wanga akamuphunzitsa chiyani, ndipo akamuphunzitse ndani.

Mayi_waMapasa:
Funso limenelo ndi limene ndimadikira kuti wina alifunse. Ine mwana wanga wamkazi anapita ku kampu ina kunyanja ali ndi zaka 13. Okonzawo anali anthu opemphera, tinawakhulupirira. Atabwerako anatiuza kuti atsikana onse ankagona m'holo imodzi yopanda loko, ndipo mayi woyang'anira anali mmodzi yekha, amenenso ankagona kwina. Usiku wina anyamata akuluakulu a m'deralo anabwera kumazenera. Mwamwayi palibe chinachitika chifukwa atsikanawo anakuwa, koma mwana wanga anatha miyezi akudzidzimuka kutulo. Titakadandaula anatiuza kuti tizithokoza Mulungu kuti ana abwerako bwino. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbuka yankho limenelo.

Sindikuti musatumize ana. Ndikuti musachite manyazi kufunsa mafunso chifukwa choti okonzawo ndi abusa kapena akulu a mpingo.

MtsogoleriWaAna_BT:
Pepani kwambiri amayi. Zimenezo n'zosavomerezeka, ndipo mtsogoleri amene akukwiya kholo likamufunsa mafunso asapatsidwe ana. Ife lamulo lathu n'lakuti wamkulu asakhale yekha ndi mwana mmodzi pobisika, atsikana amayang'aniridwa ndi amayi amene amagona pomwepo, ndipo usiku timasinthana kulondera.

Nesi_waKuZomba:
Ndiwonjezerepo za umoyo, poti nkhani ya malungo inatchulidwa koyambirira. Amayi a ku 25, udzudzu uli ku Ntchisi, uli ku Mulanje, uli ku Area 25 komweko. Ogasiti ndi nyengo youma, udzudzu umachepako, koma neti apite nayo kulikonse kumene apite, ndipo mumuphunzitse kuimanga ndi kuipisira yekha kunsi kwa mphasa kapena matiresi. Mumuuzenso kuti akamva kutentha thupi kapena mutu anene tsiku lomwelo, asabise poopa kuti amubweza kunyumba. Ana amabisa.

Kwa okonza kampu funsani kuti madzi akumwa achokera kuti ndipo athiramo klorini kapena ayi. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Malo amene pagona ana ambiri, zimbudzi ndi posamba m'manja ndiye poyambira. Funsani chipatala chapafupi ndi chiti, ndipo galimoto yogona pamalopo ilipo kapena ayi. Ngati mwana ali ndi mphumu kapena khunyu, mankhwala ake mupereke m'manja mwa mtsogoleri, osangoponya m'chikwama.

Amene ana awo akupita kunyanja, miyezi ino ndi ya mphepo ya mwera, nyanja imalusa mwadzidzidzi. Ana asalowe m'madzi popanda wamkulu wodziwa kusambira, ndipo asakwezedwe bwato lodzaza. Ku Mulanje nakonso madzi a m'maiwe aja ndi ozizira kwambiri ndipo ena ndi akuya, mwana asadumphiremo chifukwa choti anzake adumphira.

Chomaliza, mwana aliyense aloweze pamtima nambala ya foni ya kholo lake ndi 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ndipo mumuuze momveka kuti thupi lake ndi lake, palibe wamkulu, kaya ndi mtsogoleri kaya ndi wachibale, amene ali ndi ufulu womugwira malo obisika kapena kumuuza kuti asunge chinsinsi. Izi n'zofunika kumudzi komwe, chifukwa ana ambiri amene timawaona kuchipatala anapwetekedwa ndi munthu amene amamudziwa.

Kabaza_Area23:
Koma abale, mwana wonena kuti "si umalipidwa" ine ndikanangothyola kamtengo. Nkhani ikanathera pomwepo.

Mphunzitsi_Dedza:
Akanasiya kunena pamaso panu, achimwene. Mumtima akanapitiriza, ndipo mkwiyo wa chikwapucho akanakaugwetsera pa mtsikana yemweyo inu mutachoka. Chilango chabwino pamenepa n'choti apepese pamaso, ndipo tsiku limenelo ntchito ya mtsikanayo agwire iye, mtsikanayo apume.

Ndinali_Wantchito:
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndati ndiyankhulepo chifukwa ine ndinakhalapo mtsikana ameneyo. Ndinachoka kumudzi ndili ndi zaka 15 kukagwira ntchito m'nyumba ina mu mzinda. Ana a m'nyumbamo anali atatu. Wamkulu anali msinkhu wanga. Ndinkamuchapira yunifolomu ya sekondale imene ine ndinkailakalaka. Mawu ngati amene mwana wanu ananenawo ndinawamva kambirimbiri, ndipo sindinkayankha, chifukwa ukayankha mwana wa abwana ntchito yatha.

Koma m'nyumba momwemo munali kamtsikana komaliza, ka zaka 8. Tsiku lina kanandipeza ndikuwerenga buku lake la Chingerezi kukhitchini, ndinachita mantha kuti kakanena. M'malo mwake kanayamba kumandibweretsera mabuku madzulo aliwonse, n'kumakhala pa mpando wa ndowa kundifunsa mawu. Mayi ake atadziwa sanakalipe. Anandilembetsa sukulu ya masana, ndipo ndinadzalemba JCE kenako MSCE ndili m'nyumba imeneyo. Lero ndili ndi shopu yanga yosoka ndipo ndikulera ana anga awiri.

Ana atatu, nyumba imodzi, makolo amodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti kamtsikanako kankakhala nane kukhitchini. Kankadziwa dzina la mudzi wanga, mayina a azing'ono anga, kankadziwa kuti mayi anga amadwala. Enawo ankangondiona ngati manja obweretsa chakudya. Ndiye amayi, musangomupatsa ntchito mnyamatayo. Muloleni agwire ntchito limodzi ndi mtsikanayo, wina akutsuka wina akutsukuluza. Azicheza. Tsiku lina ngati n'kotheka mupite naye kwawo kwa mtsikanayo akaone kumene amachokera, akapereke moni kwa amayi ake.

Gogo_waKuNkhoma:
Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi amene anakulembetsa sukuluyo anawamva mawu amenewa.

Mayi_wa_ku25:
Achemwali, ndawerenga uthenga wanu kawiri. Mtsikana wathu kwawo ndi ku Dowa, panjira yomweyo yopita ku Ntchisi. Ndawaonetsa bambo akunyumba zonse zomwe mwalemba pano. Tagwirizana kuti mwana apite ku kampu ngati okonzawo atiyankhe bwino mafunso a anesi ndi a amayi a mapasa, ndipo Lamulungu ndikakumana nawo. Akabwerako apita ku Ntchisi masabata awiri, koma azikagona kwa amalume ake kumene kuli anyamata a msinkhu wake, osati kwa agogo. Popita tidzadzera ku Dowa.

Bambo_waKuKasungu:
Mwaganiza bwino. Koma ndifunseko, mwanayo mwamufunsa? Tonse pano takambirana za iye ngati katundu wotumiza pa basi. Ngati tikufuna adziimire payekha, ayambire pomwepa. Mumuuze ndalama zomwe zilipo, mumuonetse njira ziwirizo, anenepo maganizo ake. Chikwama alongedze yekha, inu mungoyang'ana pomaliza ngati neti ndi juzi zalowa. Akaiwala mswachi adzaona yekha chochita.

Ndipo abambo anzanga, nkhaniyi tisaisiyire amayi okha. Mnyamata amene sanaonepo bambo ake atagwira tsache kapena mthiko mungamutumize ku kampu khumi, adzati ntchito zimenezo ndi za akazi ndi antchito. Ine Loweruka ndimaphika ndi ana anga aamuna, amayi awo amapuma. Anzanga ena amandiseka, koma wanga wamkulu ali ku sekondale yogonera ndipo sanavutikepo ndi kuchapa kapena kusita.

AtateAnayi:
Apo mwandigwira achimwene. Loweruka lino ndiyesa.

Nachisale_LL:
Mbali ya kusangalala sitinaikambe mokwanira. Ana a m'tauni masiku ano tchuthi chonse ndi sukulu ya pa tchuthi, m'mawa masamu, masana Chingerezi, makamaka amene akuyandikira mayeso a Sitandade 8. Akaweruka, geti yatsekedwa, foni m'manja. Sadziwa phada, sadziwa fulaye, sanapangepo galimoto ya mawaya kapena mpira wachikulunga. Mphwanga wina ndinamufunsa chomwe chinamusangalatsa tchuthi chatha, anaganiza nthawi yaitali n'kunena kuti tsiku limene magetsi anazima usiku wonse, chifukwa bambo ake anawafotokozera nthano ya kalulu pakhonde. Mwana amafuna anzake, bwalo, ndi kholo lomwe lili ndi nthawi yomumvera.

MtsogoleriWaAna_BT:
N'chifukwa chake ife mafoni timasonkhanitsa tsiku loyamba n'kuwasunga. Makolo amaimbira mtsogoleri. Tsiku loyamba ana amanyinyirika, lachitatu palibenso amene amawafunsa. Amayi a ku 25, musamubisire foni m'chikwama, ndipo musamaimbe madzulo aliwonse. Mwana amene wayamba kuzolowera akamva mawu a amayi ake amayambiranso kulira.

Mayi_waMapasa:
Pa foni pokha ine ndikusiyana nanu atsogoleri. Mwana wanga akanakhala ndi foni usiku uja akanandiimbira. Ngati mukuwalanda, pakhale njira yoti mwana aimbire kwawo popanda kupempha chilolezo kwa munthu amene mwina ndi yemweyo akumuopa.

MtsogoleriWaAna_BT:
Mfundo imeneyo ndi yolemera amayi, ndipo ndikaitula ku komiti yathu. Mwina foni imodzi izikhala ndi mayi wophika ndi ina kwa nesi wa pa kampu, ana onse adziwe kuti angapite kwa aliyense mwa awiriwo nthawi ina iliyonse.

Mwana_waKuMangochi:
Anesi, ndifunseko za likodzo. Ana a mchemwali wanga akubwera kuno kuchokera ku Blantyre ndipo sindingawaletse kusamba m'nyanja. Ndiwapatse mankhwala asanabwerere?

Nesi_waKuZomba:
Musawapatse nthawi yomweyo. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma sagwira bwino tizilombo tikadali tating'ono m'thupi, ndiye pamafunika padutse masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu kuchokera tsiku lomaliza kusamba. Mulingo wake umatengera kulemera kapena kutalika kwa mwana, choncho apite nawo kuchipatala, asagule okha pa golosale, ndipo amwe atadya. Muwauze makolo awo kuti akaona magazi mu mkodzo asadikire masabatawo, apite msanga. Posamba apewe malo a bango ndi udzu kumene madzi ali bata, nkhono zofalitsa matendawa zimakonda kumeneko.